Kuyenda m'Njira za m'Nkhalango Zozungulira Mzuzu: Mafunso ndi Mayankho

Anthu ambiri amene amabwera kudzakhala mu Mzuzu, kaya chifukwa cha ntchito, sukulu kapena malonda, amatha zaka akuyang'ana mapiri obiriwira a kum'mawa kwa mzindawu osadziwa kuti munthu angalowere pati, ndiponso ngati kutero n'kololedwa. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amafunsidwa kawirikawiri ndi anthu ofuna kuyamba kuyenda m'nkhalango ya Kaning'ina ndi ya Lunyangwa. Mayankho ake akukhudza nyengo yoyenera kuyenda komanso ntchito imene imagwiridwa kuti njirazo zisafe, pakuti ziwirizi sizilekana.

Kodi njira zimenezi zili kuti, ndipo anazilambula ndani?

Mzinda wa Mzuzu uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,250, m'dera la mapiri a Viphya. Chakum'mawa kwake kuli nkhalango ya Kaning'ina, ndipo kupitirira pamenepo dziko limatsetsereka mpaka ku Nkhata Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, kumene nyanja ili m'munsi ndi mamita opitirira 700. Nkhalango ya Kaning'ina ndi ya Lunyangwa zimateteza dera limene mtsinje wa Lunyangwa umatungako madzi ake, ndipo pamtsinje womwewo ndi pamene pali damu limene limamwetsa mzindawu.

Njira zambiri za m'nkhalangomu sizinalambulidwe ndi cholinga choti anthu aziyendamo mongopitidwa mphepo. Zina ndi misewu ya ogwira ntchito za nkhalango, zina ndi zidule za anthu a m'midzi opita kumsika ndi nthochi kapena chinangwa pamutu, ndipo zina zinachita kupondedwa ndi amayi otola nkhuni ndi abambo oweta njuchi. Choncho musayembekezere chikwangwani pamphambano iliyonse. Dziwaninso kuti munthu wovala nsapato zothamangira amene wabwera Loweruka m'mawa ndiye wabwera pomalizira penipeni, ndipo ayenera kupatukira mayi amene wasenza mtolo wa nkhuni, osati mayiyo kupatukira iye.

Kodi pamafunika chilolezo?

Inde. Nkhalango ziwirizi ndi zotetezedwa ndi boma ndipo zili m'manja mwa Dipatimenti ya za Nkhalango, motsatira lamulo la za nkhalango la m'chaka cha 1997, limene linakonzedwanso mu 2020. Musanayambe kuyendamo, makamaka ngati muli gulu, pitani ku ofesi ya za nkhalango mukafotokoze kumene mukufuna kuyenda ndi tsiku lake, ndipo iwo ndi amene angakuuzeni ngati pali ndalama yolipira komanso malo amene simuyenera kufikako. Malo ozungulira damu ali ndi malamulo akeake chifukwa amayang'aniridwa ndi bungwe la Northern Region Water Board. Ngati njira yanu ikuyambira m'mudzi, kukapereka moni kwa amfumu n'kunena kumene mukupita sikukuchedwetsani, ndipo tsiku limene mudzasochere mudzathokoza kuti wina ankadziwa kumene munalowera.

Ndi nyengo iti imene ili yabwino kuyenda?

Kwa munthu wongoyamba kumene, miyezi yoyambira kumapeto kwa Meyi mpaka Ogasiti ndiyo yabwino. Mvula yaikulu imakhala itatha, nthaka yauma mokwanira kuti phazi ligwire, timitsinje tikadali ndi madzi, ndipo dzuwa siliotcha. Koma kuzizira kwa Mzuzu m'miyezi ya Juni ndi Julayi si kwamasewera. M'mawa nkhungu imatha kukuta mapiri mpaka munthu osaona mtengo umene uli patsogolo pake, ndipo mphepo ya mwera ikamakankha chinyontho cha kunyanja kukwera nacho kumtunda, mvula yamawawa imatha kugwa tsiku lonse pamene anzathu a ku Mzimba kapena ku Kasungu ali pafumbi. Munthu wanzeru amadikira kuti nkhungu iyambe yatukuka asanalowe m'njira imene saidziwa bwino.

Kuyambira chakumapeto kwa Ogasiti mpaka Okutobala, mitengo ya miombo monga tsamba ndi mombo imatulutsa masamba atsopano ofiirira, ena ofiira ngati magazi, asanasanduke obiriwira. Ambiri amene amayenda m'nkhalangomu amaikonda nthawi imeneyi kuposa ina iliyonse, ndipo sakulakwa. Vuto lake ndi lakuti ndi nthawi yomweyonso imene moto wolusa umabuka, ndipo kukamafika Okutobala ndi Novembala dzuwa limakhala litakula moti ulendo uyenera kuyamba mbandakucha n'kutha isanakwane 10 koloko.

Nanga m'dzinja munthu angayende?

Angayende, koma osati paliponse ndiponso osati tsiku lililonse. Dzinja la Mzuzu limasiyana ndi la kuchigawo chapakati ndi kumwera chifukwa limatalika. Mvula ikayamba cha mu Novembala kapena Disembala imapitirira mpaka mu Epulo, nthawi zina kulowa mu Meyi, ndipo ya kumapetoyo imakhala yamphamvu pamene nthaka yakhuta kale madzi. Anthu a mumzinda uno sanaiwale mvula ya mu Epulo 2016, imene inagwetsa nyumba zambiri ndi kutayitsa miyoyo ya anthu. Zimene zimachitikira nyumba yomangidwa pamalo otsetsereka zimachitikiranso njira ya m'phiri: dothi lofiira likanyowa limaterera, ndipo pamalo ena limagumuka.

Pali chinanso chimene oyenda ambiri sachiganizira. Njira yonyowa imaonongeka msanga ndi mapazi. Gulu la anthu makumi awiri likadutsa pamatope, aliyense akulambalala chithaphwi, njira imene inali yokwana munthu mmodzi imatambasuka, udzu wa m'mbali umafa, ndipo mvula yotsatira imapeza poyambira kukumba. Pofika mu Malichi pamakhala ngalande yofika m'mawondo, ndipo amene amavutika nayo ndi mayi wosenza nkhuni uja, amene amadutsapo mlungu uliwonse. Chifukwa cha ichi, m'miyezi ya Febuluwale, Malichi ndi Epulo ndi bwino kuyenda m'misewu ikuluikulu ya m'nkhalango, kusiya tinjira totsetsereka tipumule, ndipo mukafika pachithaphwi mupondemo ndithu m'malo molambalala. Musawoloke mtsinje umene madzi ake afiira ndipo akubwera ndi zinyalala, ngakhale pamene mwaimapo pasakugwa mvula, chifukwa mwina yagwa kumtunda. Kukayamba ziphaliwali tsikani pamsonga pa phiri ndipo musabisale pansi pa mtengo umene waima paokha.

Kodi ndingatole bowa, masuku kapena nkhuni ndikamayenda?

Kutola masuku awiri atatu amene agwa pansi n'kumadya mukuyenda si chinthu chimene anthu amakangana nacho. Kudzaza thumba ndi nkhani ina. Lamulo limafuna chilolezo kuti munthu atulutse zinthu m'nkhalango yotetezedwa, ndipo kupatula lamulolo, zinthu zimenezi ndi chakudya ndi ndalama za mabanja okhala m'mphepete mwa nkhalango. Masuku amapsa chakumapeto kwa chaka, bowa amatuluka mvula ikakhazikika, ndipo mbale zimene mumaziona m'mbali mwa msewu kapena mumsika m'miyezi imeneyi ndi zimene zimagulira ana makope sukulu ikamatsegulidwa mu Januwale. Munthu wolandira malipiro pakutha pa mwezi achita bwino kugula kwa amayi ogulitsawo kusiyana ndi kupikisana nawo patchire.

Za bowa tinenetse: safunsa anadya phula. Bowa wakupha amamera pansi pa mitengo yomweyo imene pamamera wodyedwa, ndipo kumusiyanitsa ndi luso limene munthu amaphunzira kwa zaka akuyenda ndi akuluakulu, osati poyang'ana chithunzi pafoni. Chinaka, chimene chimapangidwa kuchokera ku timizu ta maluwa a m'madambo ndi m'mapiri, chili ndi vuto lakelake, chifukwa wokumba amazula chomera chonse, ndipo pamene pakumbidwa mobwerezabwereza maluwawo amatheratu.

N'chifukwa chiyani nkhani ya moto imanenedwa kwambiri chotere?

Chifukwa moto wa mu Okutobala umaononga m'maola ochepa zimene zinatenga zaka kuti zikule. Udzu ukauma kotheratu, moto umayaka mwaukali, umapha mphukira ndi timitengo tating'ono, umatentha ming'oma ya njuchi, ndipo umasiya nthaka pambalambanda moti mvula yoyamba imakokolola phulusa ndi dothi kupita nazo mumtsinje. Nthawi zambiri moto wotere suyamba wokha. Umayamba ndi osaka mbewa, ofula njuchi ndi muuni, otentha makala, wosuta fodya, kapenanso oyenda amene anaotcha nyama pamwala n'kuchoka akuganiza kuti makala azima. Aliyense amene anadutsapo ku Chikangawa pamsewu wa M1 anaona mmene nkhalango ya paini ija, imene poyamba inali ya mahekitala pafupifupi 53,000, inachepera chifukwa cha moto ndi kudula mopanda kubwezeretsa.

N'chifukwa chake ntchito yofunika kwambiri pachaka imagwiridwa udzu usanaumitsitse, cha mu Juni ndi Julayi, pamene anthu amalambula mizere yotchinga moto ndipo akatswiri a za nkhalango amatentha msanga malo ena moto ukadali wofatsa. Kutentha kotere si ntchito ya munthu aliyense wokhala ndi machesi. Oyenda asasonkhe moto m'nkhalango m'chilimwe chonse, ndipo mukaona utsi musaulondole, koma bwererani ndipo mudziwitse a za nkhalango kapena amfumu a mudzi wapafupi. Moto umathamanga pokwera phiri kuposa potsika, choncho musathawire kumtunda kwake.

Ine sindiyenda m'nkhalango. Nkhani imeneyi ikundikhudza bwanji?

Ikukukhudzani ngati mumatsegula mpopi ku Katoto, ku Chibavi, ku Zolozolo kapena ku Luwinga. Mzuzu unayamba ngati malo a esiteti ya mitengo ya tung, imene njere zake zimatulutsa mafuta, m'zaka za m'ma 1940, unakhala mzinda mu 1985, ndipo pa kalembera wa 2018 unapezeka ndi anthu opitirira 220,000. Anthu achuluka, koma mtsinje ndi womwe uja. Mitengo ya kumtunda kwa damu ndi imene imachititsa kuti madzi a mvula alowe pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono m'chilimwe, ndipo ikatha, dothi limatsikira m'damu n'kulanda malo a madzi.

Kodi anthu amathandiza motani posamalira njirazi, ndipo ine ndingayambire pati?

Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi anthu amene sajambulidwa. M'midzi yoyandikana ndi nkhalango mumakhala makomiti oyang'anira zachilengedwe, amene lamulo la za nkhalango limawazindikira, ndipo iwo pamodzi ndi mafumu ndi alonda a nkhalango ndi amene amadziwa kumene kwagwa mtengo, kumene kwayamba ng'anjo ya makala ndi kumene mlatho wa mitengo waola. Oweta njuchi nawonso ndi alonda abwino, chifukwa munthu amene wapachika mng'oma pamtengo safuna kuona nkhwangwa kapena moto pafupi nawo. Choyamba, tsono, ndi kufunsa anthu amenewa chimene chikusowa, m'malo mofika ndi ganizo lokonzakonza kuchokera m'tauni.

Chachiwiri ndi kubwera pa nthawi imene ntchitoyo ilipo. Mvula ikangotha, udzu umakhala utatseka njira, ndipo pamafunika zikwanje, zikwakwa ndi makasu. Mu Juni ndi Julayi pamafunika manja olambula mizere yotchinga moto, ndipo imeneyi ndi ntchito yotopetsa imene odzipereka a m'tauni amaizemba. Mvula isanayambe pamafunika kukumba tingalande tokhotetsa madzi kuti asamayende m'kati mwa njira. Kangalande kotere n'kosavuta: mumakumba mopingasa njira koma mopendekera kumunsi, n'kuika chipika kapena miyala kumunsi kwake kuti madzi akagunda apatukire kutchire. Anthu awiri okhala ndi khasu akhoza kukonza tingapo dzuwa lisanakwere, ndipo pamalo otsetsereka timeneti ndi timene timapulumutsa njira.

Thandizo la ndalama nalonso lili ndi malo ake, koma lipite poonekera. Lembani mnyamata kapena mtsikana wa m'mudzi woyandikana ndi nkhalango kuti akutsogolereni, ndipo mugwirizane naye mtengo musananyamuke, osati pobwera mutatopa. Gulani uchi, nthochi ndi bowa kwa eni dera. Ngati gulu lanu lasonkha ndalama, ndi bwino kugula zipangizo n'kuzipereka kwa komiti pamaso pa amfumu kusiyana ndi kupatsira munthu mmodzi kumbali, chifukwa ndalama zoperekedwa mseri zimagawanitsa mudzi. Ndipo musalonjeze zimene simungathe kubwera kudzachita chaka chamawa.

Bwanji osangobzala mitengo yambiri basi?

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndipo makampani, mipingo ndi sukulu zimachita bwino kutengapo mbali. Komabe tinene mosabisa kuti mbande zambiri zimene zimabzalidwa pamwambo, anthu atavala malaya ofanana, sizifika mu Okutobala, chifukwa palibe amene amabwerera kudzazipalira kapena kuzitchingira moto ndi mbuzi. Kubzala kumatenga m'mawa umodzi, pamene kulera mtengo kumafuna zaka zingapo.

M'nkhalango ya miombo, njira yodalirika kwambiri ndi kuteteza zitsa. Mtengo wa tsamba kapena msuku ukadulidwa, mizu yake imakhala ikadali moyo, ndipo chitsacho chimaphuka chokha. Mukachiteteza ku moto, n'kupatulira mphukira kuti zitsale ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zimakula msanga kuposa mbande ya m'chubu chifukwa zimayamwa ndi mizu yakale. Kumene kubzala kuli kofunikadi, monga m'mphepete mwa mitsinje, sankhani mitengo yachilengedwe yokonda madzi monga katope ndi mbawa. Bulugamu ndi wabwino pamunda wa mitengo ya milimo ndi nkhuni, koma asayandikire gwero la madzi.

Ndikakumana ndi otentha makala ndichite chiyani?

Perekani moni n'kupitiriza ulendo. Musawajambule, musatsutsane nawo, ndipo musayese kulanda nkhwangwa kapena matumba, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya alonda a nkhalango ndi apolisi. Mukatuluka, kanenezeni malowo ku ofesi ya za nkhalango. Kutentha makala popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo zilango zake zinakwezedwa pamene lamulo linakonzedwa mu 2020.

Koma poweruza anthu amenewa tizikumbukira kumene matumbawo amathera. Amakwera njinga usiku n'kudzafika m'makomo mwathu momwe muno, ku Chiputula, ku Mchengautuwa ngakhalenso m'nyumba za mipanda. Banja limene layamba kugwiritsa ntchito mbaula yosatha makala, chitetezo mbaula, gasi kapena magetsi pamene alipo, lathandiza nkhalango kuposa munthu amene amadandaula za mitengo Loweruka n'kugula thumba Lolemba.

Kodi muli nyama zoopsa?

Zimene mungakumane nazo kawirikawiri ndi anyani, apusi, agwape ndi mbalame zamitundumitundu, ndipo zonsezi zimathawa munthu. Musazipatse chakudya, chifukwa nyani wozolowera kulandira amasanduka wakuba m'minda ya anthu. Njoka zilimo, ndipo zimaoneka kwambiri kukatentha ndi mvula ikangoyamba. Yofunika kusamala nayo ndi mphiri, chifukwa sithawa koma imangogona panjira itafanana ndi masamba ouma. Valani nsapato zotseka ndi thalauza, ndipo muziyang'ana pamene mukuponda ndi pamene mukugwira. Munthu akalumidwa musamuteme mphini, musayamwe bala, ndipo musamange chingwe cholimba. Mukhazikeni mtima pansi, chiwalo cholumidwacho chisagwedezeke, ndipo mumunyamule kupita naye kuchipatala msanga, monga ku Mzuzu Central Hospital.

Zimene zimasautsa anthu ambiri ndi zing'onozing'ono. Linthumbu limadutsa panjira m'dzinja, nkhupakupa zimakhala mu udzu wautali, ndipo chitedze chikauma chimayabwa moti munthu wamkulu amaiwala ulemu wake.

Kodi magulu a sukulu ndi a mipingo ndi ololedwa?

Ndi ololedwa akatenga chilolezo, ndipo ana a sukulu ndi amene tikufuna kuti azibwera kwambiri, makamaka kudzera m'makalabu a zachilengedwe monga amene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi limagwira nawo ntchito. Gulu lalikulu ligawidwe m'timagulu, wamkulu mmodzi patsogolo ndi wina pambuyo, ndipo ana awerengedwe polowa ndi potuluka. Amene amakwera phiri kukapemphera akumbukire kuti malo opemphererawo si a mpingo umodzi. Kulemba mavesi pamiyala ndi penti, kusadza mitengo kuti pakhale bwalo, ndi kusonkha moto wa usiku m'chilimwe ndi zinthu zimene zimaononga, ngakhale wochitayo ali ndi cholinga chabwino.

Nanga njinga?

Njinga zakapalasa zikhoza kuyenda m'misewu ikuluikulu ya m'nkhalango nthaka ikauma, ndipo wopalasa achepetse liwiro pokhota chifukwa sadziwa amene akubwera. Njinga zamoto zimakumba njira ndipo siziyenera kulowa m'tinjira ta oyenda pansi. Amene akufuna maulendo ataliatali a njinga angapeze malo oyenera ku Luwawa, kumwera kwa mapiri a Viphya.

Ndinyamule chiyani, ndipo zinyalala ndizitani?

Nyamulani madzi akumwa okwanira, kamba pang'ono, chovala cha mphepo ngakhale kunja kukuoneka bwino, chipewa, ndi foni yodzaza moto, ngakhale kuti m'zigwa zina netiweki imasowa. Madzi a m'timitsinje amaoneka oyera koma musamwe osaphitsa kapena kuthira mankhwala. Musayende nokha m'njira imene simuidziwa, ndipo uzani wina kunyumba nthawi imene mukuyembekeza kubwerera. Ngati mwafika poyambira njira pa kabaza, tengani nambala ya wokunyamulaniyo, chifukwa kumapeto kwa mzinda njinga sizipezeka nthawi iliyonse.

M'nkhalango mulibe nkhuti ya zinyalala ndipo mulibe wolembedwa ntchito yotola. Botolo, jumbo ndi pepala la bisiketi zimene mwalowa nazo mutuluke nazo, ndipo mukapeza za ena panjira muziponye m'chikwama chomwecho. Musazitenthe ndipo musazikwirire, chifukwa mvula imazifukula n'kupita nazo mumtsinje. Ngati mwapanikizika, pitani kutali ndi madzi ndi njira, kumbani kadzenje, ndipo mukamaliza mufotsere bwinobwino.